Burn Si Lupsa

Amayi a Chimalawi a pa tchalitchi ankamuitana kuti Aphunzitsi, ngakhale kuti chifikireni ku Glasgow, Vainess anali asanagwireko choko. Ntchito yake inali ya mu ofesi ya bungwe lina loyang'anira nyumba za lendi ku Maryhill, kuyankha mafoni a anthu odandaula za mapaipi odontha ndi zitseko zosatsekeka. Koma dzinalo linamutsatira kuchokera ku Ntcheu, kumene anaphunzitsa Chingerezi kusekondale mpaka ana ena amene anawaphunzitsa anadzakhala aphunzitsi anzake. Iye sankalikana. Anthu akatsutsana za mawu a Chingerezi pa chakudya cha Lamlungu, mlandu unkathera pakamwa pa Vainess.

Pazenera la kukhitchini kwake, kupitirira ngalande ya maboti ndi madenga a nyumba zosanja, pankaoneka mapiri a Campsie. Potsuka mbale ankawayang'ana, lero obiriwira, mawa ofiirira, tsiku lina osaoneka n'komwe. Anali asanapondeko, ndipo panalibe mnzake amene anapondako. Amayi amene kwawo ankakwera zitunda atasenza ndowa pamutu, kuno moyo wawo unali wa basi, ntchito, tchalitchi, m'nyumba. Akakumana, nkhani inali ya shuga, mawondo ndi kuthamanga kwa magazi.

"Adokotala akuti tiziyenda," anatero Vainess tsiku lina atatuluka m'mapemphero a amayi. "Mapiri ndi awo, basi imakafika m'tsinde mwake. Tikudikira chiyani?"

"Njira mukuidziwa inu?" anafunsa mayi Agatha, amene anali wamkulu pa onse. Iwo anabwera ku Glasgow kudzalera adzukulu kwa mwana wawo Dave, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Zikwangwani zilipo, mayi. Owerenga ndine."

Ananyamuka Loweruka lina masamba atayamba kuyoyoka. Anatenga mandasi ndi tiyi wa m'mafulasiki, ena atavala nsapato zopitira kuntchito. Poyamba zonse zinkayenda bwino. Anakwera ndi kanjira kotsata chigwa chopapatiza, akuimba, akuseka nkhosa zimene zinkawayang'ana ngati zikufuna kuwafunsa ziphaso. Atadya, Vainess anati apatuke pang'ono kuti akaone mzinda uli m'munsi. Apo ndi pamene nkhungu inatsika. Inatsika mofulumira, moti munthu atatambasula dzanja ankangoona zala zake basi. Pofuna kubwerera ku kanjira kaja, mayi Agatha anaponda mwala woterera. Kunamveka kuti thyo, kenako kukuwa.

Phazi lawo linali litayang'ana kumbali. Kuwanyamula kunali kosatheka. Amayi anavula zitenje n'kuwafunditsa, ndipo Vainess anakwera pa kachulu kufunafuna netiweki mpaka foni inalowa. Anamulumikiza ndi bambo wina wa gulu lopulumutsa anthu kumapiri. Mawu ake ankaduka, Chingerezi chake chothamanga, cha kuno. Anafunsa kumene anatsikira basi, Vainess anayankha. Kenako anati njira zokwera kuchokera pamenepo ndi ziwiri, ina ya pamwamba pa chitunda, ina ya m'munsi.

"Muli pafupi ndi burn? Mukuiona burn?"

Vainess anawadziwa mawuwo. Anawaphunzitsa ana mazanamazana: burn, kupsa, kutentha. M'maso mwake munabwera mapiri a kwawo m'mwezi wa Okutobala, akuda bii ndi lupsa. Anali ataonaponso pa kanema kuti kunonso amatentha tchire la m'mapiri. Anayang'ana uku ndi uku, anathamanga pang'ono kumtunda, n'kugwada kuyang'ana pansi. Udzu unali wonyowa, wopanda ndi phulusa lomwe.

"Ayi, kuno kulibe burn," anakuwa, atatseka khutu linalo ndi chala chifukwa madzi a mtsinje umene unali pambali pake ankachita phokoso kwambiri.

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza. Kulibe."

Foni inazima, batire litatha ndi kuzizira. Mafoni a anzake sankagwira kalikonse.

Anadikira. Anaimba nyimbo zonse za m'buku zimene ankazikumbukira, kenako anangokumbatirana mozungulira mayi Agatha, amene anali atasiya kubuula n'kuyamba kunjenjemera ndi kulankhula zosagwirizana. Opulumutsa anafika kukuyamba kuda. Anali atapita kaye ku njira ya pamwamba.

Mmodzi wa iwo anali mzimayi wamfupi wa imvi, wovala jekete lofiira, dzina lake Lena. Anzake ali mkati momanga mwendo, iye anabwera kwa Vainess n'kumupatsa kapu ya tiyi wotentha.

"Ndinu amene munaimba? Atiuza kuti munati kulibe burn."

"Kulibe. Ndayang'ana paliponse, palibe pamene papsa."

Lena analoza madzi ndi tochi yake.

"Iyi ndiye burn. Mtsinjewu."

Sanaseke. Anangowonjezera kuti Vainess sanali woyamba, ngakhale azungu ochokera kummwera amasokonezeka. Koma mawu amenewo sanalowe m'khutu la Vainess. Tiyi anazirala ali m'manja mwake.

Mayi Agatha anawaika zitsulo m'kakolo, ndipo kuzizira kuja kunawasiyira chibayo. Anakhala m'chipatala nthawi yaitali. Dave sanakalipe, koma akakumana ndi Vainess pakhomo la tchalitchi ankayang'ana kumbali. Lamlungu lina a Overtoun, mkulu wa mpingo amene ankayang'anira gulu la Amalawi, anaimirira pambuyo pa mapemphero. Anali munthu wa kubanki, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mawu pasikelo.

"Tsoka silinunkha, tikudziwa," anatero. "Koma tinatsala pang'ono kutumiza maliro kumudzi. Kuyambira lero, palibenso ulendo wa kutchire m'dzina la gulu lino. Ofuna kuyenda, mapaki ndi ambiri m'tauni."

Sanatchule dzina la munthu, koma aliyense anadziwa. Potuluka Vainess anamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Safunsa anadya phula." Tsiku limenelo palibe amene anamuitana kuti Aphunzitsi.

Anazengereza kupita kuchipatala, koma potsiriza anapita, atanyamula phala m'fulasiki. Anapeza mayi Agatha atawonda, koma maso ali gwa.

"Mwabwera kudzandilira ndili moyo? Khalani pansi apo. Ine ndili ndi funso, ndafunsa anamwino onse muno akungoseka. Mtsinje uja mzungu akuti ndi burn. Adzukulu anga akuti burn ndi kupsa. Tsono madzi asanduka bwanji moto? Anawauza zimenezi ndani?"

Vainess anaika fulasiki ija pambali pa bedi.

"Sindikudziwa, mayi."

"Ndiye mukafufuze. Mwendo wanga usathyoke ulere."

Loweruka lotsatira anakwera basi kupita ku laibulale yaikulu ya Mitchell. Anapempha madikishonale aja akuluakulu amene amafotokoza kumene mawu anachokera, n'kukhala pakona ndi magalasi ake. Sanavutike kupeza. Mawuwo anali awiri, osati amodzi, ongofanana mamvekedwe. Ena anali a moto aja. Enawo anachokera ku mawu a Chingerezi chakale kwambiri akuti burna, kutanthauza kasupe kapena kamtsinje. Anthu a kummwera anawataya, anangotsala obisika m'mayina a midzi ina, koma a ku Scotland anawasunga mpaka lero. Ndiye kuti mawu amene anamugwetsa sanali Chingerezi chopotoka. Anali akale kuposa Chingerezi chimene iye ankaphunzitsa ndi ndodo m'manja.

Kuchoka pamenepo anapita molunjika kuchipatala.

"Zili ngati mtengo, mayi. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Mawu amodzi m'khutu, koma zinthu ziwiri."

Mayi Agatha anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mzungu atamva kuti mtengo wa chimanga wakwera, angamayang'ane kumwamba? Chabwino. Nanga pa basi paja panalembedwa kuti Glen. Ameneyo ndi ndani?"

Umu ndi mmene zinayambira. Loweruka lililonse Vainess ankapita ku laibulale, ndipo mawu amodzi ankamutumiza kwa ena. Glen, chigwa chopapatiza, anachokera ku Chigeliki, chilankhulo cha anthu a kumapiri a kumpoto ndi kuzilumba. Fell, mawu amene ali m'dzina la mapiri a pazenera lake aja, Campsie Fells, anabwera ndi anthu a ngalawa ochokera ku Norway kalekale, ndipo kwa iwo linali phiri basi. Brae, mtsetse wa phiri, anabweranso ndi omwewo, kuchokera ku mawu otanthauza chikope, ngati kuti phiri ndi nkhope ya munthu. Meadow ndi m'bale wake wa mawu otanthauza kumweta, choncho si dambo lililonse, koma limene udzu wake amamweta kuti ziweto zidzadye m'nyengo yozizira. Anaona kuti mtundu uliwonse umene unadutsa m'dziko lino unasiya mawu ake pa nthaka. Anakumbukira agogo ake aamuna, Mngoni amene Chingoni anali atachiiwala, koma mpaka imfa yawo sanatchulepo khola la ng'ombe kuti khola. Ankati chibaya.

Mawu amene anamuimitsa nthawi yaitali anali akuti country, dziko. Anachokera ku Chilatini kudzera m'Chifalansa, ndipo tsinde lake linali loti dziko limene lili moyang'anizana ndi iwe. Madzulo a tsikulo anaima pazenera osatsuka mbale.

Kunyumba anthu anatopa naye. Mwamuna wake Eneya, injiniya wa za madzi, ankangoti "eya, eya" maso ali pa mpira. Koma mwana wawo Deborah, amene anakulira ku Glasgow ndipo tsopano ankaphunzira unamwino, tsiku lina anayankha m'Chingerezi chake chija cha mumsewu kuti mwana aliyense wa kusukulu amadziwa kuti burn ndi mtsinje.

"Ndiye bwanji sunandiuzepo?" anafunsa Vainess.

"Simunandifunsepo, amami. Ndikanena mawu a kuno mumangondikonza. Munkati ndi Chingerezi cha anthu osaphunzira."

Mawa lake Vainess anamufunsa Deborah katchulidwe ka mawu ena amene ankamukanika pakhosi, ndipo mwanayo anamuphunzitsa, akuseka mpaka misozi.

Nyengo yozizira ikutha, Vainess anafunafuna Lena mpaka anamupeza. Anamva kuti mayiyo, kuwonjezera pa ntchito yopulumutsa anthu, ankayendanso ndi kagulu kena ka anthu okonda mapiri.

"Ndikufuna kudzabwereranso kuja ndi amayi anzanga," anatero Vainess. "Koma ndikufuna ndidzapite ndikudziwa chimene ndikuchita."

Lena anamuuza kuti kuli maphunziro a otsogolera anthu kumapiri, ndipo pamapeto pake pamakhala mayeso. Koma asanafike kumeneko anayenera kuyenda maulendo ambiri, mvula kapena dzuwa, kuphunzira mapu ndi kampasi, kuphunzira kuona nyengo. Zikanatenga chaka kapena kupitirira. Lena anamuyang'ananso kumapazi.

"Ndipo nsapato izo mukazitaye."

Ulendo wake woyamba ndi gululo unali wa pa moor, chipululu chonyowa chopanda mitengo, chongomera tizitsamba tofika m'mawondo. Vainess ankayenda pambali pa Lena akumufotokozera kuti mawu akuti bog anachokera ku Chigeliki ndipo amatanthauza chinthu chofewa. Lena anati sankadziwa, ngakhale anabadwira momwemo. Vainess, atatengeka ndi chisangalalo, anaona malo osalala obiriwira bwino ngati kapinga wa pabwalo la mpira, n'kupondapo. Anamira mpaka m'ntchafu. Matope akuda, ozizira ngati madzi a m'firiji, anamugwira osafuna kumusiya, ndipo anachita kumukoka anthu awiri. Nsapato yatsopano inatsala pang'ono kutsalira momwemo.

"Chofewadi," anatero Lena, nthawi ino akuseka. "Pobiriwira kwambiri ndiye poopsa. Muziponda pamene pali tizitsamba."

Vainess anadzikwiyira, chifukwa zimenezo ankazidziwa. Kudambo la kwawo mwana aliyense amadziwa kuti lowe limabisala pansi pa msipu wokongola. Anali atangoganiza kuti nzeru za kwawo sizigwira ntchito kuno. Kuyambira tsikulo, mawu aliwonse atsopano ankawafunira mnzake wa Chichewa, osati m'buku, koma ndi mapazi. Akaima pamalo ankadzifunsa kuti, kwathu pano tikanati chiyani? Khwawa? Mfuleni? Tsala? Pena mawu ankapezeka, pena ayi, ndipo akasowa ankadziwa kuti apa pali chinthu chatsopano choti achiphunzire.

Anayenda chilimwe chonse. Zikhadabo ziwiri za kumapazi zinada n'kuchoka. Tizilombo tating'ono toluma ta kumapiri tinamutupitsa nkhope moti kuofesi anamufunsa ngati wamenyedwa. Mayi Agatha anatuluka m'chipatala akuyenda ndi ndodo, ndipo patapita miyezi anabwerera kwawo ku Zomba, akuti kuzizira kukuwalowa m'zitsulo. Vainess ankawatumizira mawu pafoni akabwera ku ulendo uliwonse, iwo n'kumayankha ndi mafunso ena.

Mayeso oyamba anachitika masamba atayambanso kuyoyoka. Woyesa anali bambo wamtali wosakonda kulankhula, dzina lake Matthew. Zoyang'anira anthu, zothandiza wovulala, zonsezo Vainess anachita bwino. Koma tsiku lomaliza kunagwa nkhungu, ndipo Matthew atamuuza kuti awatsogolere kukafika pa mpanda wina wa miyala, maganizo a Vainess anabwerera ku tsiku lija la mayi Agatha. Anawerenga kampasi mozondoka, n'kuwatsogolera anthu kolakwika. Anazindikira yekha, koma mochedwa.

"Simunakonzeke," anatero Matthew atatsika. "Mapu mukuwadziwa. Nkhungu ndi imene simunaizolowere. Mudzabwerenso."

Atafika kunyumba, Eneya anamuthira madzi otentha m'beseni kuti aviike mapazi, n'kukhala pambali pake.

"Amayi a Deborah, mwayesetsa. Palibe amene angakunyozeni. Zaka zathu zino si zogona m'matope. Bwanji osangozisiya?"

"Mukanakhala inu, paipi yanu itaphulika anthu akuona, mukanaisiya?"

Eneya anakanda m'mutu. Loweruka lotsatira anadzuka m'mamawa n'kutenga makiyi a galimoto. Kuyambira pamenepo, nyengo ikalengezedwa kuti kukhala nkhungu, anthu ena akutseka makatani, Vainess ankavala nsapato. Eneya ankamusiya m'tsinde mwa phiri pamodzi ndi Lena kapena wina wa gulu lija, iye n'kumadikira m'galimoto ndi nyuzipepala. Vainess ankalowa mu nkhungu dala, mobwerezabwereza, mpaka anaizolowera.

Mayeso achiwiri anali m'dera limene anali asanapiteko. Kunali mvula yowaza ndi mphepo. Masana Matthew anawaimitsa onse oyesedwa pamwamba pa chitunda, n'kuloza pa mapu kanyumba kena ka abusa kutsidya.

"Tangoganizani kuti muli ndi anthu otopa, ena achikulire. Mudutsa nawo kuti?"

Pa mapu njira yachidule inali yoonekeratu, yodutsa pamalo athyathyathya opanda chitunda chilichonse. Mnyamata wina wamphamvu amene ankayesedwa naye analoza pomwepo. Vainess anayang'anitsitsa. Pamalo athyathyathyawo panalembedwa dzina lothera ndi mawu akuti Moss. Njira ina inali yozungulira, yotsata kamtunda kotchedwa Rig.

"Ine ndizungulira," anatero.

"N'kutali kawiri," anatero Matthew. "Anthu anu atopa."

"Atope ali ouma. Moss masiku ano anthu amati ndi ndere ija yomera pamiyala, koma kale mawuwa ankatanthauza chithaphwi, ndipo pa mayina a malo a kuno tanthauzo lake likadali lomwelo. Amene anatcha malowa anamirapo. Mvula yagwa sabata yonse. Rig ndi msana wa chitunda, madzi sakhalapo. Ndidutsa pamsana."

Matthew anangomupatsa chizindikiro choti atsogole. Anayenda pamsanapo mphepo ikuwakankha, nkhungu ikubwera ndi kupita, Vainess akuima pafupipafupi kuyang'ana kampasi ndi kuona ngati onse alipo. Nkhungu itang'ambika kamphindi, anaona kumunsi kuja madzi akunyezimira pakati pa udzu, dera lonse. Anakafika pa kanyumba kaja kusanade. Madzulo ake Matthew anamugwira chanza n'kumuuza kuti wakhoza.

Panatsala a Overtoun. Vainess anapita kunyumba kwawo ku Pollokshields, anapereka moni mwaulemu, n'kufotokoza zonse: kumene akufuna kupita, zovala zimene aliyense ayenera kukhala nazo, amene adzadziwitsidwe asananyamuke, chimene adzachite nyengo ikasintha. A Overtoun anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi, khama lanu ndaliona. Koma chinthu chikachitikanso, anthu adzaloza ine."

"Adzaloze ine, abambo. Nthawi ija ndinatenga anthu ndisakudziwa kanthu, ndipo mayi Agatha akutsimphina mpaka lero. Zimenezo sindingazifufute. Koma amayi aja akudwala ndi kukhala m'nyumba. Mukakana m'dzina la gulu, ndimva, sinditsutsana nanu pamaso pa anthu. Ndidzangoima pa siteji ya basi, wofuna adzabwera."

A Overtoun anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Apo mkazi wawo Tusekelege, amene ankagwira ntchito yopereka mankhwala kufamase ndipo nthawi yonseyi ankathira tiyi, anaika tipoti pansi.

"Ine nsapato ndagula kale," anatero.

Amuna awo anawayang'ana, anayang'ana Vainess, n'kuvalanso magalasi.

"Musakwere pamwamba ulendo woyamba," anatero. "Ndipo Dave mukamuuze nokha, asamvere kwa ena."

Vainess anapitadi kwa Dave. Iye anamvetsera ali chiimire pakhomo, n'kunena kuti mkazi wake sapita nawo. Sanamulowetse m'nyumba, koma potsanzikana anati amayi ake amamutchula pafoni kawirikawiri.

Ulendowo unachitika m'mwezi wa Meyi, mitengo itaphuka. Anabwera amayi ambiri kuposa oyamba aja, ndi azimayi awiri achizungu a pa tchalitchi pomwepo amene anamva n'kupempha kutsagana nawo. Lena anabwera kudzakhala kumbuyo kwa mzere. Pa siteji ya basi Vainess anayang'ana mapazi a aliyense, ndipo mayi wina amene anabwera ndi nsapato zoterera anamubweza, ngakhale anadandaula kwambiri.

Sanakwere phiri. Anatsata mtsinje wina waukulu mpaka pamene chigwa chinatambasuka n'kukhala malo athyathyathya a dothi lakuda. Vainess anawauza kuti malo otere kuno amawatcha haugh, ndipo anawatchula ndi kukhosi monga anamuphunzitsira Deborah. Amayi anayesa kutchula, n'kumangomveka ngati atsamwa ndi minga ya nsomba.

"Tanthauzo lake?" anafunsa wina.

"Malo a m'mbali mwa mtsinje amene madzi akasefukira amasiyapo chonde. Mawu ake akale ankatanthauza kangodya, kamalo kobisika pamene mtsinje wakhota."

"Aa, si dimba limenelo?"

"Dimba ndi polima," anatsutsa wina wa ku Mchinji. "Apa sanalimepo. Ili ndi dambo."

"Dambo lake louma chonchi?"

Mkangano unakula, aliyense akukokera kwawo, azungu awiri aja akufunsa kuti kwagwanji. Vainess anawamasulira, ndipo mmodzi wa iwo anayesa kunena kuti dimba, amayi n'kumuombera m'manja. Vainess sanagamule mlanduwo. Anati onse akhoza pang'ono, ayende.

Kumapeto kwa malowo kunali geti lachitsulo limene anayenera kudutsa kuti akafike ku msewu wa basi. Patsogolo pa getilo panaima ng'ombe za kuno, zofiira, zaubweya wautali wophimba maso, nyanga zotambalala ngati mikono ya munthu. Zinali zitatsekeratu njira, zikubzikula, zosaonetsa kuti zili ndi ulendo. Amayi anaima patali. Vainess anayang'ana ngati pali ana a ng'ombe, chifukwa anaphunzira kuti yoyamwitsa ndiyo yoopsa. Panalibe. Anatulutsa mapu kufuna njira ina, koma yozungulira inali yaitali, ndipo basi ikanawasiya.

"Aphunzitsi, mundilole?" anatero Tusekelege. "Kwathu ku Karonga ndinakulira kumbuyo kwa ng'ombe."

Vainess anayang'ananso ng'ombezo, anayang'ana Lena, amene anagwedeza mutu kuvomereza.

"Pitani, koma pang'onopang'ono. Ena nonse khalani kumbuyo kwanga."

Tusekelege anapita cham'mbali, osathamanga, manja ali pansi. Anaimba kaluzu kotsika, kenako anayamba kuzilankhula m'Chinkhonde, mawu ofewa ngati akunyengerera mwana kuti adye. Ng'ombe yaikulu inatembenuza mutu, inapumira m'mphuno mwamphamvu, n'kuima kaye ngati ikuganiza. Kenako inasuntha, zinzake n'kuitsatira imodziimodzi kulowera kumtsinje.

"Zamva Chinkhonde!" anakuwa mayi wa ku Mchinji uja, ndipo nthungululu inatsala pang'ono kuphulika, koma Vainess anakweza dzanja.

"Nthungululu kutsidya kwa geti. Dutsani mmodzimmodzi, osathamanga."

Anadutsa mwakachetechete, mapewa akugwedezeka ndi kuseka kobisa. Vainess anaima pa geti mpaka womaliza atadutsa, anayang'ana m'mbuyo ngati pali wotsala, n'kulitseka ndi unyolo wake monga analipezera. Basi inali itayamba kuoneka pa khona la msewu, ndipo anawauza kuti tsopano akhoza kufulumira.